Sukulu ya zisudzo ya Old Vic, imene inatsekedwa ndi eni ake omwe

Mu Januwale 1947 mzinda wa London unali pa chisanu choopsa chimene anthu a ku Britain amachitchulabe mpaka pano. Malasha anali osowa, ndipo m'misewu yambiri munali mudakali mabwinja amene mabomba a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anasiya. Nyumba ya zisudzo ya Old Vic, pa msewu wa Waterloo Road, inali imodzi mwa nyumba zophwasukazo. Bomba linaiwononga mu 1941 ndipo inali isanakonzedwe. M'nyumba yozizira imeneyo ndi mmene anthu anasonkhana kudzatsegulira sukulu yatsopano yophunzitsa zisudzo. Mlendo wolemekezeka anali nduna ya zamaphunziro, mayi Ellen Wilkinson, amene ankavutika kale ndi chifuwa. Pasanathe milungu iwiri, pa 6 Febuluwale, mayiwa anamwalira.

Sukuluyo, Old Vic Theatre School, nayonso sinakhalitse. Pofika pakati pa chaka cha 1952 zitseko zake zinali zitatsekedwa. Musaisokoneze ndi sukulu ya Bristol Old Vic, imene inatsegulidwa mu 1946 mumzinda wa Bristol. Imeneyo ndi ina, ndipo mbiri yake ndi ina. Ya ku London inakhala zaka zisanu ndi theka basi. Koma mukalowa lero m'kalasi ya zisudzo ku New York, ku Montreal kapena ku Strasbourg n'kupeza ophunzira atavala zigoba kumaso, ali chete, akuyesa kuyenda ngati nkhalamba, dziwani kuti mukuona zimene zinkachitika m'zipinda zozizira za Old Vic zija.

Mwini maganizo onsewa anali Mfalansa, Michel Saint-Denis, wobadwa mu 1897 ku Beauvais. Kuti timvetse chimene ankafuna, tiyenera kuyamba ndi malume ake, Jacques Copeau.

Copeau anatsegula nyumba ya zisudzo ya Vieux-Colombier ku Paris mu 1913 ali wokwiya ndi zimene ankaona m'nyumba zina. Masiteji anali odzaza ndi mipando, makatani ndi zithunzi zikuluzikulu, ndipo akatswiri otchuka ankangobwereza tizizolowezi tomwe tomwe timene ankadziwa kuti tiombetsa anthu m'manja. Iye anasesa zonsezo n'kusiya siteji yopanda kanthu, kuti chotsala chikhale munthu, thupi lake ndi mawu a wolemba. Posakhalitsa anazindikira kuti siteji yopanda kanthu imaulula umphawi wa wochita sewero. Munthu amene anazolowera kubisala kuseri kwa tebulo ndi ndudu, ukamuchotsera zimenezo, manja ake amasowa kopita. Choncho panafunika sukulu. Mu 1924 Copeau anachita chinthu chimene ambiri anachiona ngati misala: anasiya Paris n'kupita ndi kagulu ka achinyamata kumidzi ya ku Burgundy, kumene ankaphunzira, kupeka masewero ndi kuonetsa m'mabwalo a m'midzi. Anthu a kumeneko anawapatsa dzina loti Copiaus. Saint-Denis anali m'gululo, ndipo malume ake atalisiya, iye analikonzanso n'kulitcha Compagnie des Quinze, kutanthauza gulu la anthu 15.

Gulu limeneli litafika ku London mu 1931, achinyamata a zisudzo a kumeneko anangoti kukamwa yasa. Sewero lina linali la Nowa ndi chingalawa chake, lolembedwa ndi André Obey. Anthu 15 aja ankasanduka nyama, mvula ndi madzi osefukira pogwiritsa ntchito makamaka matupi ndi mawu awo, ndipo panalibe amene ankaoneka kuti akufuna kuposa mnzake. Ku England nthawi imeneyo zinthu sizinkayenda choncho. Sukulu zinalipo, monga RADA imene inayamba mu 1904 ndi Central School imene Elsie Fogerty anayambitsa mu 1906, ndipo zinkatulutsa anthu olankhula momveka bwino kwambiri. Koma ntchito yeniyeni ambiri ankaiphunzirira m'magulu a m'matauni amene ankaonetsa sewero latsopano mlungu uliwonse: usiku uli pa siteji ndi sewero la mlungu uno, m'mawa ukuloweza la mlungu wa mawa. Munthu wokhala m'moyo wotere amaphunzira kuloweza msanga ndi kusachita mantha, koma nthawi yofufuza kuti munthu amene akumuyerekezayo ndi wotani sakhala nayo. Amangotola chimene chinagwira ntchito mlungu watha.

Saint-Denis anakhazikika ku London. Mu 1935 anatsogolera John Gielgud m'sewero la Nowa lija m'Chingerezi, ndipo mu 1936 anatsegula sukulu yake yoyamba, London Theatre Studio, ku Islington. Mmodzi mwa amene anathandiza ndi ndalama anali Tyrone Guthrie, wotsogolera masewero wotchuka. Dzinali mulisunge, tilipezanso kutsogoloku. Wothandizana naye wamkulu anali mnyamata wina, George Devine. Nkhondo itayamba mu 1939 sukuluyo inatsekedwa, ndipo Saint-Denis anathera zaka za nkhondo pa wailesi ya BBC, akulankhula kwa anthu a kwawo amene anali pansi pa ulamuliro wa Germany. Pa wailesipo ankadzitcha Jacques Duchesne.

Nkhondo itatha, gulu la Old Vic linali pa ulemerero waukulu ngakhale kuti nyumba yake inali bwinja. Linkaonetsa masewero m'nyumba ina ya zisudzo ya mu London yotchedwa New Theatre, likutsogoleredwa ndi Laurence Olivier, Ralph Richardson ndi John Burrell. Mu 1945 Saint-Denis ndi amene anatsogolera Olivier m'sewero lachigiriki la Oedipus, limene linatchuka kwambiri. Atsogoleri atatuwa ndi amene anatsegula khomo kuti Saint-Denis, Devine ndi mnzawo Glen Byam Shaw akhazikitse chimene anachitcha Old Vic Theatre Centre.

Chinali chinthu cha miyendo itatu ngati mafuwa. Mwendo woyamba unali sukulu, imene Byam Shaw ankaiyang'anira tsiku ndi tsiku. Wachiwiri unali gulu la Young Vic pansi pa Devine, loyendayenda m'dziko kuonetsa masewero kwa ana ndi achinyamata. Linayamba mu Disembala 1946 ndi sewero lachitaliyana la Carlo Gozzi lonena za mfumu imene inasanduka nswala. Wachitatu unayenera kukhala malo oyeserapo njira zatsopano, m'nyumba ya Old Vic ikadzakonzedwa, pansi pa Saint-Denis mwini. Wophunzira akamaliza sukulu anayenera kulowa mu Young Vic kuti akhwime pamaso pa oonerera enieni, kenako n'kudzafika pa siteji yaikulu ali ndi anzake amene anaphunzira chinenero chimodzi cha ntchito. Chimene atatuwa ankafuna kubala sanali katswiri mmodzi wowala yekha, koma gulu.

Zimene zinkachitika m'kalasi

Maphunziro a ochita zisudzo ankatenga zaka ziwiri, ndipo chodabwitsa kwa ambiri chinali chakuti sukulu yokonzekeretsa anthu kuchita masewero a Shakespeare inkayamba ndi kuwatseka pakamwa. M'miyezi yoyambirira wophunzira ankapeka tizochitika tating'ono popanda kulankhula: kudzuka m'mawa, kunyamula chinthu cholemera chimene palibe, kudikira munthu amene sakubwera. Chifukwa chake n'chomveka mukachiganizira. Mawu a wolemba wamkulu ndi okoma okha, moti wophunzira akhoza kuwayimba mokweza n'kuoneka ngati wachita zazikulu pamene m'kati mwake mulibe kanthu. Ukamulanda mawuwo, bodza limaonekera pa mapewa ndi pa mapazi.

Kenako pankabwera zigoba. Pali nkhani imene imanenedwa ya Copeau, kuti tsiku lina mtsikana wina anauma thupi ndi manyazi poyeserera, ndipo iye anangotenga mpango n'kumuphimba kumaso. Nthawi yomweyo thupi la mtsikanayo linamasuka. Nkhope ndi imene timaiteteza kwambiri pamaso pa anthu. Ikabisika, mantha amachepa, komanso njira yachidule yoonetsera chisoni kapena chimwemwe imatsekeka. Sungakwinye tsinya, sungamwetulire. Chisoni chiyenera kutuluka m'khosi, m'msana, m'kapumidwe. Saint-Denis ankagwiritsa ntchito zigoba zophimba nkhope yonse, zoimira misinkhu ya munthu kuyambira pa wachinyamata mpaka pa nkhalamba, ndipo wovala chigoba chotere sankaloledwa kulankhula. Asanachivale ankayamba wachiyang'ana nthawi yaitali, kuti asachikakamize kuchita zimene iye waganiza kale koma alole kuti chimutsogolere. Panalinso zigoba za theka, zosiya pakamwa poyera, za anthu oseketsa a mphuno zazitali ndi masaya otupa, zochokera ku mwambo wakale wa ku Italy wa commedia dell'arte. Kalasi imeneyi inali ya Devine, ndipo ophunzira ake ankaikumbukira kwa moyo wawo wonse.

Panalinso phunziro la nyama. Wophunzira ankaonetsetsa nyama imodzi kwa nthawi yaitali, mmene imapumira, mmene imatembenuzira mutu, pamene pali kulemera kwa thupi lake, kenako n'kuyesa kukhala nyamayo. Ena ankaliseka phunziroli. Peter Ustinov, amene anaphunzira ku London Theatre Studio, ankakonda kusimba kuti iye anasankha kanyama konga buluzi kotchedwa salamander chifukwa sikayendayenda. Nthabwalayo ndi yokoma, koma ine ndimaona kuti phunziroli linali ndi nzeru yakuya. Munthu aliyense ali ndi kayendedwe kamodzi kamene anakula nako, ndipo sakadziwa n'komwe. Ngati sanayesepo kuyenda ngati chinthu chosiyana naye kotheratu, mfumu yake, wakuba wake ndi wansembe wake onse adzayenda mofanana, ngati iye mwini.

Thupi linkasulidwa tsiku lililonse. Litz Pisk, mayi wochokera ku Vienna, ndi Suria Magito, amene pambuyo pake anakwatiwa ndi Saint-Denis, ankaphunzitsa kayendedwe ka thupi. Panali kuvina, kulimbana ndi malupanga, kuyimba ndi kuphunzira kupuma. Opanga zovala ndi okongoletsa siteji nawonso ankaphunzira m'sukulu yomweyo pansi pa Margaret Harris wa Motley, gulu la akatswiri okonza zovala ndi masiteji, pamodzi ndi amene ankafuna kudzakhala otsogolera masewero ndi oyendetsa za kuseri kwa siteji. Wosoka chovala ankadziwa chifukwa chake wochivala ayenera kupuma momasuka, ndipo wochivala ankadziwa thukuta limene lagwera pa chovalacho.

Zonsezi zinkalunjika pa liwu limodzi limene Saint-Denis ankalikonda, loti style. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa sankatanthauza sitayilo ya kudzionetsera kapena kukometsera zinthu. Ankatanthauza kuti sewero lililonse lili ndi choonadi chake, ndipo choonadicho chimakhala m'kalembedwe kake. Mzere wa ndakatulo wa Shakespeare nthawi zambiri umakhala ndi maphatikizo khumi ndi kugunda kasanu. Pamene wolemba wathyola kugundako, kapena wadula mzere pakati n'kupatsa theka linalo munthu wina, ndiye kuti akukuuza mmene mtima wa wolankhulayo ukugundira. Ukauphwanya mzerewo kuti umveke ngati macheza a pa khonde, wataya malangizo amene wolemba anakusiyira. Sewero lachigiriki lili ndi gulu lolankhula ndi kuyenda pamodzi ngati munthu mmodzi. Masewero oseketsa a ku England a pambuyo pa 1660 amafuna lilime lakuthwa ndi munthu wodziwa kuyenda m'chovala cholemera osapunthwa. Molière ali ndi liwiro lake. Chekhov amabisa nkhani yeniyeni pansi pa mawu wamba ndi pa kukhala chete. Wochita zisudzo amene amadziwa njira imodzi yokha amasandutsa olemba onsewa kukhala munthu mmodzi.

Saint-Denis ankalemekeza kwambiri Stanislavski wa ku Russia, amene anaphunzitsa dziko kufufuza za m'kati mwa munthu. Sewero la Chekhov la atsikana atatu apachibale limene Saint-Denis anatsogolera ku London mu 1938, muli Gielgud, Peggy Ashcroft ndi Michael Redgrave, linasonyeza kuti njirayo ankaidziwa bwino. Chimene ankakana n'chakuti wochita sewero azikokera munthu aliyense kwa iye mwini, ngati kuti Mfumu Lear ndi msinkhu wa zimene mnyamata wa zaka 20 wakumana nazo. Iye ankafuna kuti wophunzira akule mpaka afike pa msinkhu wa sewerolo.

Sitingabise kuti sukuluyi inali yowawa. Saint-Denis anali munthu wovuta kumusangalatsa, wosachedwa kunena poyera kuti zimene waona n'zabodza. Ophunzira ankayesedwa, ndipo amene aphunzitsi aona kuti sakupita patsogolo ankauzidwa kuti asabwerenso. Alipo amene anatuluka atasweka mtima, ndipo alipo akatswiri amene ankadandaula kuti kufufuza kochuluka chonchi kumapha chimwemwe cha ntchito. Dandaulo limeneli sindilitaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma mwana wa zaka 18 amene akudzudzulidwa tsiku ndi tsiku akhoza kulowa m'chigoba chake osatulukanso. Mbali imeneyi ya cholowa cha Old Vic nayonso inafalikira m'sukulu zambiri, ndipo zina zayamba kuiunikanso posachedwapa.

Mmene inagwera

Sukuluyi sinagwe chifukwa chosowa ophunzira kapena chifukwa cholephera kuphunzitsa. Inagwa chifukwa cha ndalama zochepa ndi kulimbirana mpando.

Old Vic inali ndi bodi ya akuluakulu, ndipo wapampando wake anali Lord Esher. Nthawi imeneyo boma linali litayamba kuthandiza zaluso kudzera ku Arts Council, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1946, ndipo aliyense ankayembekezera kuti Old Vic ndi imene idzasanduke nyumba ya zisudzo ya dziko lonse. Mu 1949 nyumba ya malamulo inavomereza kuti boma likhoza kupereka ndalama zofika mapaundi 1 miliyoni zomangira National Theatre. Akuluakulu a bodi ankafuna kuti bungwe lawo lioneke lodekha ndi loyenera ulemu umenewo, ndipo anthu aluso okhala ndi maganizo awoawo ankawasowetsa tulo. Mu 1948, Olivier ali pa ulendo ndi gululo ku Australia, analandira kalata yomuuza kuti iye, Richardson ndi Burrell sapitiriza utsogoleri. Anthu amene anaitana Saint-Denis ndi anzake anali atachotsedwa, ndipo sukulu inatsala ngati mwana wamasiye pakhomo pa bambo womupeza.

M'malo mwawo munalowa Hugh Hunt ngati wotsogolera gulu lalikulu ndi Llewellyn Rees ngati woyendetsa ntchito. Nyumba ya Old Vic inakonzedwa motsatira mapulani a Mfalansa wina, Pierre Sonrel, amene anatulutsa siteji kutsogolo kuti ochita sewero ayandikire oonerera, monga mmene Saint-Denis ankafunira. Inatsegulidwanso mu Novembala 1950. Koma amene anailowa ndi gulu lalikulu lija, lobwerera kwawo kuchokera ku New Theatre. Sukulu inasamutsidwira ku Dulwich, kutali ndi siteji imene inayenera kukhala mtima wake, ndipo mwendo wachitatu uja, malo oyeserapo zatsopano, unangothera pa pepala. Panalibenso chomveka kuti wamkulu ndani pakati pa atsogoleri onsewa. Mu 1951 Saint-Denis anatsogolera Peggy Ashcroft m'sewero la Electra pa siteji yatsopanoyo, koma kuseri zinthu zinali zitafika pa mwana wakana phala. Mu Meyi chaka chomwecho Saint-Denis, Devine ndi Byam Shaw anatula pansi maudindo awo. Nkhaniyo inadzaza m'manyuzipepala, anthu otchuka a zisudzo anawaikira kumbuyo, koma bodi sinasunthike.

Amene anaitanidwa kudzakonza zinthu anali Tyrone Guthrie, yemwe uja anathandiza ndi ndalama zake kuti sukulu yoyamba ya Saint-Denis itsegulidwe. M'nthawi yake ndi mmene Young Vic inathetsedwa mu 1951, ndipo sukulu inaloledwa kuyenda chaka chimodzi chokha kuti amene anali m'kati amalize. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali ndalama, ndipo n'zoona kuti Britain wa nthawi imeneyo anali pa umphawi. Koma ndalama zikachepa, chimene bungwe limayamba kudula chimasonyeza chimene limachiona kuti n'chosafunika. Sewero la usiku uno limalowetsa ndalama pakhomo. Wophunzira amene adzakhwime patapita zaka khumi saoneka m'buku la msungichuma. Bodi inasankha za usiku uno.

Kumene mbewu inagwera

Atatu aja anabalalika, ndipo kubalalikako ndi kumene kunafalitsa ntchito yawo. Byam Shaw anapita ku Stratford-upon-Avon kukatsogolera nyumba ya masewero a Shakespeare. Devine anakhala mtsogoleri woyamba wa gulu la English Stage Company, limene linayamba kuonetsa masewero mu 1956 m'nyumba ya zisudzo ya Royal Court ku London, kumene olemba atsopano monga John Osborne anasintha nkhope ya zisudzo za ku Britain, ndipo Wole Soyinka ali mnyamata anagwirako ntchito yowerenga masewero. Zingaoneke zachilendo kuti mphunzitsi wa masewero akale ndi amene anatsegulira khomo olemba aukali a masiku amenewo, koma mfundo inali yomwe ija: mvera wolemba, peza chimene kalembedwe kake kakufuna. Devine anatenganso zigoba zake n'kumaphunzitsa nazo olemba ndi otsogolera a ku Royal Court.

Ophunzira nawo sanagone. Joan Plowright anatchuka ku Royal Court, ndipo National Theatre itayamba mu 1963 pansi pa Olivier, m'nyumba yomwe ija ya Old Vic, iye anali mmodzi mwa akatswiri ake. Prunella Scales ndi Keith Michell anadutsa m'sukulu yomweyo. Casper Wrede, Richard Negri ndi James Maxwell anali m'gulu limene linatsegula Royal Exchange ku Manchester mu 1976, nyumba imene oonerera amakhala mozungulira siteji. Frank Dunlop anadzutsanso dzina la Young Vic mu 1970, pa msewu wa The Cut, pafupi ndi Old Vic pomwepo. George Hall anadzatsogolera maphunziro a zisudzo ku Central School kwa zaka zambiri, ndipo Margaret Harris anayambitsa sukulu yake ya okongoletsa siteji mu 1966.

Saint-Denis anabwerera ku France kukatsogolera gulu la zisudzo la kum'mawa kwa dzikolo lotchedwa Centre Dramatique de l'Est, ndipo mu 1954 anatsegula sukulu ku Strasbourg imene ilipo mpaka lero. Anathandiza kukhazikitsa National Theatre School of Canada ku Montreal mu 1960, yophunzitsa m'Chingerezi ndi m'Chifalansa. Chaka chomwecho linatuluka buku lake, Theatre: The Rediscovery of Style. Peter Hall anamuitana kuti akhale mmodzi mwa atsogoleri a Royal Shakespeare Company pamodzi ndi Peter Brook, makamaka kuti akatswiri olembedwa kale ntchito azipitiriza kuphunzira. Ndipo mu 1968 iye ndi John Houseman anatsegula nthambi ya zisudzo pa sukulu ya zaluso ya Juilliard mumzinda wa New York. Kumeneko anapatsidwa chimene London inamumana: zaka zinayi zathunthu za maphunziro, zoyamba ndi kukhala chete ndi zigoba, zomaliza ndi masewero pamaso pa anthu.

Thanzi lake linali litafooka kale pamene sukulu ya Juilliard inkayamba. Anamwalira ku London pa 31 Julayi 1971. Gulu loyamba la ophunzira a ku Juilliard, mmene munali Kevin Kline ndi Patti LuPone, linamaliza maphunziro chaka chotsatira, ndipo Houseman sanafune kuti libalalike. Analisunga pamodzi n'kulisandutsa gulu loyendayenda m'matauni a ku America, lotchedwa The Acting Company, kuonetsa masewero akale kwa anthu amene anali asanawaonepo.